Chifukwa chake Ayuda amawerenga buku la Yona pa Yom Kippur

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji Ayuda amawerenga buku la Yona pa tsiku lawo lalikulu losala kudya, chonsecho ndi nkhani ya chinsomba basi. Chinsombacho ndiye chomwe ambirife tinagwira ku Sande sukulu, koma m'sunagoge maso amakhala pa anthu a ku Nineve.

Yom Kippur ndi Tsiku la Chitetezo, la 10 m'mwezi wawo wa Tishrei, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Sadya kapena kumwa kwa maola pafupifupi 25. M'mawa amawerenga Levitiko 16, nkhani ya mbuzi ziwiri zija, ina yoperekedwa nsembe, ina yosenza machimo a anthu kupita nawo kuchipululu, kenako mawu a Yesaya 58, pomwe Mulungu akukana kusala kudya kwa anthu opondereza antchito awo. Yona amabwera masana, pa pemphero la Mincha, njala itafika posauzana, ndipo amawerenga machaputala onse anayi.

Tsono tamvani pomwe pagona nkhani. Mishnah, buku la malamulo a Ayuda lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, imaunikira Yona 3:10. Imati lembalo silinena kuti Mulungu anaona ziguduli zawo kapena kusala kwawo ayi, limati anaona ntchito zawo, kuti anabwerera kuleka njira yawo yoipa. Tangoganizani, kumuuza zimenezi munthu amene sanalawe ngakhale madzi chiyambire dzulo madzulo! Mu Talmud, buku lofotokozera Mishnah, mphunzitsi Shmuel anapitiriza kunena kuti ku Nineve munthu amene anaba mtengo n'kumangira nyumba yaikulu ankagumula nyumbayo kuti abweze mtengowo kwa mwini wake. Kulapa m'Chiheberi ndi teshuvah, kutanthauza kubwerera, ndipo wobwererayo amayenera kubweza zomwe anatenga.

N'chifukwa chake tsikuli lisanafike Ayuda amayenderana kapena kuimbirana foni n'kupepesana. Mishnah yomweyo imati Yom Kippur sifafaniza zomwe walakwira mnzako kufikira utakamupepesa iyeyo. Maimonides, mphunzitsi wa Chiyuda yemwe anamwalira ku Egypt mu 1204, analemba kuti wolapa zenizeni ndi amene wakumananso ndi mpata womwewo wochimwira, mphamvu akadali nazo, koma osabwereza.

Ine mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya Yona mwini wake. Anthu a ku Nineve sanali Aisraeli, anali a ku Asuri, adani. Iwo anamva ulaliki waufupi n'kutembenuka, pamene mneneri wodziwa Mulungu anathawira ku Yopa kukakwera chombo, ndipo anthu aja atakhululukidwa iyeyo anapsa mtima, n'kumadandaulira msatsi wofota. Bukuli limatha ndi funso la Mulungu, loti kodi asachitire chifundo mzinda wa anthu oposa 120,000 ndi ziweto zambiri. Yankho la Yona silinalembedwe. Akamaliza kuwerenga Yona ndi pemphero la Mincha pamatsala pemphero lotsekera la Neilah, kenako dzuwa litalowa amaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa, anthu n'kupita kukadya.