Akufuna social work, bambo akuti unesi basi

Mtsikana wina wa ku Luchenza wandilembera. Wakhoza MSCE ndi mapointi 24, akufuna kuphunzira social work kuti azikathandiza anthu m'makomboni ngati Mbayani ndi Ndirande, koma bambo ake akuti ngati si unesi fizi salipira. Kumapeto akufunsa ngati ndi zoona kuti ma NGO amalipira bwino. Uthenga ngati uwu umabwera chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka.

Ndiyambe ndi funso lakumapetolo mwana wanga, chifukwa landidetsa nkhawa. Ngati mumtima ukuona galimoto yoyera ya bungwe ndi ma alawansi a wekishopu ku Mangochi, iwalako. Ntchito za m'mabungwe ndi za kontrakiti, pulojekiti ikatha nawe watha, ndipo ofunsira malo amodzi amakhala ambirimbiri. Ntchito yeniyeni ndi kuyenda wapansi m'matope kukafufuza chifukwa chake mwana wa sitandade 6 wasiya sukulu, kuperekeza mayi womenyedwa ku Victim Support Unit kupolisi, kukhala pansi ndi mfumu ndi makolo amene akwatitsa mwana pamene malamulo anasintha mu 2017 kuti ukwati ndi zaka 18, kenako usiku kulemba lipoti. Ena amakutukwana pakhomo pawo pomwe.

Komanso bwanji maso ali ku Blantyre? Kwanu komweko kulibe ovutika? Pita m'malaini a m'maesiteti a tiyi, pita kuseri kwa msika wa Luchenza kapena Bvumbwe uone mmene mabanja akupanikizirana m'kachipinda kamodzi ka lendi, ana akugulitsa mandasi nthawi ya sukulu. Ku Mulanje namondwe Freddy anagumula nyumba mu Marichi 2023, ndipo ntchito yolondola ana amasiye ndi mabanja osamuka siyitha tsiku limene mahema achotsedwa.

Digiri ilipo ku UNIMA ku Zomba ndi ku Catholic University ku Nguludi, ufunsire ndithu, koma ndi 24 mpikisano wa yunivesite ya boma ndi wovuta. Ine mtima wanga uli pa Magomero College ku Chiradzulu, ya unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, imene imaphunzitsa alangizi a chitukuko ndi a social welfare. Ndi pafupi ndi kwanu, amakuphunzitsa ntchito ya kumudzi yeniyeniyo, digiri udzawonjezera uli kale pantchito.

Inu bambo, zoopseza mwana ndi fizi zimandikwiyitsa. Unesi ndi ntchito yabwino koma nesi wokakamizidwa ndi amene amakalipira odwala kuwodi. Mwafunsako n'komwe chifukwa chake akufuna zimenezi?

Iwenso usangokhala pakhomo ndi foni kudikira selekishoni. Pita ku ofesi ya social welfare pa boma ku Thyolo upemphe kudzipereka, ngakhale pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwanu, uone mmene a Mtukula Pakhomo amalembera mabanja. Ukatha miyezi itatu mtima ukadali pomwepo, undilemberenso tikambirane za mafomu, ndipo bambowo uwaonetse kalata ya kumene wakhala ukugwira.