Mafunso a owerenga: gemu ya pakompyuta ikasanduka buku losewerera patebulo

FUNSO: Ndinamaliza Dragon Age: Origins pa laputopu, ndiye ndamva kuti ilinso ndi buku loti anthu azisewera atazungulira tebulo popanda kompyuta. Magetsi akathima kuno timangokhala. Bukulo limayenda bwanji, nanga tifunika chiyani? Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Bukulo lilipodi. Analikonza ndi Chris Pramas wa kampani ya Green Ronin. Bokosi loyamba linafika m'masitolo mu 2010, ndipo mu 2015 zonse anaziika m'buku limodzi la masamba oposa 400. Koma musayembekeze gemu yomwe ija pa pepala. Dziko ndi lomwelo la Thedas, adani ndi omwewo, pomwe ntchito yonse imene kompyuta inkachita mobisa tsopano imagwera anthu. Mmodzi wa inu akhale wotsogolera, amene osewera amangomuti GM: iye ndiye amafotokoza malo, kulankhulira anthu a m'nkhani ndi kugamula milandu. Ena atatu mpaka asanu aliyense atenge munthu mmodzi, kaya wankhondo, kaya wozemba, kaya wamatsenga.

Zofunika ndi mapensulo, mapepala ndi madayisi atatu a mbali 6. A ludo omwewa akwana, bola imodzi ikhale ya mtundu wosiyana ndi ziwirizo, chifukwa imeneyo ndiyo Dragon Die. Munthu wanu akafuna kuchita chinthu chimene angalephere, GM amatchula nambala yoti ifikidwe: 11 pa ntchito wamba, 15 pa yovuta. Mumaponya madayisi onse atatu, kuwonkhetsa, kuwonjezera nambala ya mphamvu yoyenera yolembedwa pa pepala lanu, ndi 2 wina ngati munthuyo anaphunzira ntchitoyo mwapadera. Madayisi atatu okha amafika 11 kapena kupitirira pa theka la kaponyedwe konse, choncho amene ali ndi zowonjezera 4 sagwa kawirikawiri pa ntchito wamba.

Pokoma penipeni ndi apa. Mukamenya mdani n'kupambana, madayisi awiri n'kuonetsa nambala yofanana, mumalandira mapointi ofanana ndi nambala ya pa Dragon Die. Mwachitsanzo mwaponya 3, 3 ndi Dragon Die 5: muli ndi mapointi 5. Awiri angagule nkhonya yamphamvu yowonjezera dayisi ina pa kuvulaza, atatu angagule kumenyanso kachiwiri. Zimenezi sizosowa ayi: pa njira 216 zimene madayisi atatu angagwere, 96 zili ndi nambala zofanana. Magulu atsopano amalakwitsa ziwiri. Amapereka mapointi ngakhale kumenya kwaphonya, ndiponso amalola munthu kuwasungira mtsogolo. Zonse n'zoletsedwa. Mapointi amagwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo, apo ayi apita.

FUNSO: Ife tili ndi buku la The Witcher koma likufuna dayisi ya mbali 10. Tazungulira ku Down Shops osaipeza. Titani? Wowerenga wa ku Mchini

YANKHO: Buku limeneli, la kampani ya R. Talsorian Games la mu 2018, limafuna dayisi ya mbali 10 poyesa chilichonse chimene munthu wanu angalephere, ndi a mbali 6 powerengera mabala. Tengani makhadi a juga. Patulani 10 a mtundu umodzi, kuyambira A mpaka 10, A akhale 1. Sakanizani, solani limodzi, kenako libwezereni ndi kusakanizanso musanasole lina. Osabweza khadi ndiko kumaononga masewera, chifukwa m'buku limeneli 10 ndi 1 ndi nambala zolemera: 10 akatuluka mumaponyanso n'kuwonjezera, 1 akatuluka mumaponyanso n'kuchotsera. Khadi la 1 likakhala pambali, aliyense adziwa kuti tsoka latha ndipo ayamba kuchita zinthu mosaopa.

Makhadi omwewo apanganso dayisi ya mbali 20. Sakanizani 10 akuda ndi 10 ofiira, ofiirawo muziwonjezerapo 10. Imeneyi ndiyo ifunika pa buku la Dark Souls la Steamforged Games, lomwe linamangidwa pa malamulo a masewera ena apatebulo otchedwa Dungeons & Dragons. Pa buku limenelo tichenjezeretu: losindikizidwa koyamba mu 2022 linatuluka ndi zolakwika zambiri mpaka kampaniyo inakonzanso. Mukatuma m'bale wa ku Lusaka kapena ku Johannesburg kuti akugulireni lakale, afunse kaye ngati ndi lokonzedwalo.

FUNSO: Ndine GM. Ndinatengera nkhondo ina ya mu gemu, adani 20 monga mmene zilili pakompyuta. Tinayamba titangodya nsima ya masana, dzuwa linalowa nkhondo isanathe, anzanga awiri n'kuyamba kuseweretsa mafoni. Vuto ndi buku kapena ine? Wowerenga wa ku Katete

YANKHO: Vuto ndi adani 20 amenewo, achimwene. Kompyuta imawerengera kumenya kulikonse m'kuphethira kwa diso, pomwe inu mdani aliyense mumamuponyera madayisi, kuwonkhetsa, kuyang'ana chitetezo cha womenyedwa, kuponyanso a kuvulaza, kuchotsera zida zotchingira thupi, kenako kufufuta ndi kulemba. Tiyerekeze osewera asanu, aliyense mphindi ziwiri, inu mphindi imodzi pa mdani: kuzungulira kamodzi kwadya theka la ola, ndipo nkhondo sikutha kamodzi.

Chepetsani adani asapitirire chiwerengero cha osewera, kapena apitirire pang'ono. Mukafuna chikhamu, asandutseni magulu anayi a asanuasanu, gulu lililonse liziponyeredwa kamodzi, ndipo wamba aliyense azigwa akangomenyedwa kamodzi. Moyo wathunthu musungire mtsogoleri wawo yekha. Iye akagwa, otsalawo athawe kapena agonje. Palibe lamulo loti nkhondo ithe aliyense atafa. Nambala za chitetezo za osewera zilembeni pa pepala limodzi patsogolo panu kuti musamafunse kawirikawiri. Mu Dragon Age vutoli limakula anthu akakwera maleveli, chifukwa moyo umachuluka ndipo zida zolemera zimameza gawo lalikulu la nkhonya iliyonse.

Chinanso chimene ochokera ku kompyuta amaiwala n'chakuti patebulo palibe kusevha n'kubwereranso. Mu gemu mdani wamkulu anapangidwa kuti akupheni kangapo mpaka mumuzolowere. Mukamukopera momwemo, gulu lonse lithera pomwepo. Muike njira yothawira kapena yokambirana. Buku la The Witcher ndiye silinyengerera n'komwe: bala limodzi lalikulu lingathyole mwendo kapena kupha munthu amene mwakhala mukumumanga kwa miyezi.

FUNSO: Kupulinta buku lonse kukudula. Pali njira ina? Wowerenga wa ku Lundazi

YANKHO: Musapulinte lonse. Mbiri ya dziko ndi nkhani za adani GM awerenge pa foni. Pa pepala pafunika tsamba la munthu wa wosewera aliyense, mndandanda wa zimene mapointi a Dragon Die amagula ngati mukusewera Dragon Age, ndi masamba a malamulo a nkhondo, zakuda ndi zoyera, mbali zonse ziwiri. Musanagule buku lalikulu, yesani kaye The Witcher: Easy Mode, kabuku kaulele ka pa intaneti komwe kali ndi anthu opangidwa kale ndi nkhani imodzi yokwana madzulo amodzi.