Maoda a azakhali akusokonekera chifukwa cha name()

Eya mng'ono wanga, funso lako ndaliona, lija loti maoda a shopu ya azakhali ku Kamwala akutuluka mosokonekera ukamawasanja ndi status, ija yosonyeza ngati munthu walipira kapena ayi. Pepa ndikuyankha pakamwa, ndili m'basi pa Great East Road, apa pa Manda Hill magalimoto angoti njo.

Chithunzi cha code yako ndachiyang'ana. Ukusanja ndi getStatus().name(). Ukatero Java imangoona mawu, ndiye imatsata alifabeti. N'chifukwa chake ALIPIRA akukhala pamwamba, pomwe azakhali akatsegula m'mawa amafuna aone kaye angongole.

Chotsa name() ameneyo. Enum ya Java, mndandanda uja wa mayina a status, imakhala kale ndi ndondomeko yake, yomwe ndi mmene unandandalikira mayinawo. Loyamba ndi 0, lachiwiri 1, choncho. Nambala imeneyi amati ordinal, ndipo compareTo, yomwe imayerekeza zinthu posanja, imayendera yomweyo. Ndiye mu enum yambitsa SANALIPIRE, kenako ALIPIRA, pomaliza ZATUMIZIDWA. Ukatero lemba maoda.sort(Comparator.comparing(Oda::getStatus)). Zimenezi zinabwera ndi Java 8 mu 2014, kwa iwe ziyenda. Ukawonjezera thenComparing ndi tsiku la oda, ngongole zakalekale zizibwera pamwamba penipeni.

Tsopano apa tchera khutu, wamva? Mu database usasunge nambala ija. Mawa azakhali adzati pali ena amapereka theka, iwe n'kuika ALIPIRA_THEKA pakati, pamalo achiwiri. Basi 1 wasintha tanthauzo. Aliyense amene anamaliza kulipira kalekale adzaoneka ngati wangopereka theka, ndipo pulogalamu siidandaula n'komwe, ingopitiriza. Taganiza azakhali akuimbira foni mayi woti anagula zitenje zake n'kulipira zonse, kumufunsa ndalama. Kasitomala wotero sabweranso, ndipo manyazi ake agwera azakhali, osati iwe. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndi pa shopu pomwepo pamachokera ndalama ya fizi yako.

Choncho posunga, sunga dzina. Ngati ukugwiritsa JPA, ija yolumikiza Java ndi database, ika @Enumerated(EnumType.STRING), poti ukangoisiya yokha imasankha ordinal. Posanja m'pomwe dzinalo ulisiye.

Aa, ndi ichi: oda yopanda status igwetsa sort yonse ndi NullPointerException, ndiye oda yatsopano iliyonse iziyamba ili SANALIPIRE.

Yesa, unditumizire zimene zituluke, ndiziona ndikatsika ku Chelston. Uwapatse moni azakhali.