Funsani Tikuyankheni: Madambo, Mchere ndi Bango

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga athu a m'boma la Mangochi, ndipo onse akukhudza malo amene madzi ndi mtunda zimakumana. Ayankha ndi alangizi a zaulimi, zausodzi ndi zachilengedwe.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 kufupi ndi Monkey Bay. Tinawerenga za madambo amchere a m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu, ndiye ana akufunsa ngati dambo la kuseri kwa sukulu yathu, limene limatuwa mbuu mu Okutobala, ndi lomwelo. Ndiwauze chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni kuti ayi, ngakhale onse awiri ali ndi mchere. Dambo limene munawerengalo limapezeka kokha kumene madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kuphwa, m'malo ambiri kawiri pa tsiku. Kuchokera pamene madzi adzaza kufika pamene adzadzazenso pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima amakwera kwambiri. Ku Beira amatha kukwera mamita opitirira 6. Malo otere amene tayandikana nawo ali ku Mozambique, kumene Zambezi, atamwa kale madzi a Shire wathu, amathira m'nyanja ya Indian cha ku Chinde.

Munthu atayima kumeneko madzi ataphwa, chimene angaone ndi chigwa cha matope akuda chong'ambika ndi timakwawa tokhotakhota. Kufupi ndi madzi kuli mitengo ya mangrove, ina mizu yake itatulukira m'mwamba ngati misomali kuti ipume, poti m'matopemo mulibe mpweya. Mukakumba pang'ono mumamva fungo la dzira lowola. Kuseri kwa mitengoyo, kumene madzi amafika mwa apo ndi apo, ndi kumene kuli dambo lamchere lenileni: udzu waufupi, ndi timitengo tonenepa topanda masamba ooneka, tamfundomfundo ngati zala, timene timasunga madzi m'thupi. Zomera zina zimatulutsa mchere pamasamba moti mutanyambita mungaumve. Pamatope pamayenda nkhanu zing'onozing'ono, yamphongo ili ndi dzanja limodzi lalikulu limene imakupiza pokopa yaikazi, komanso tinsomba ta maso otong'oka timene timadumphadumpha kunja kwa madzi. Mbalame zina zodya pamenepo zimaswera kutali ku Siberia, zimabwera kuno kukakhala chisanu kwawoko.

Lita imodzi ya madzi a nyanja yamchere imakhala ndi magalamu 35 a mchere, pamene ya Nyanja ya Malawi sifika ndi theka la galamu. Nyanja yathunso imakwera kamodzi pa chaka, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika mpaka mvula itayamba. Mchere wa dambo lanulo ukuchokera pansi: madzi osaya amakwera m'dothi, dzuwa n'kuwamwa, mchere n'kutsala pamwamba. Chitsanzo chachikulu cha zimenezi ndi Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ikamaphwa madzi ake amanka nawawa.

Kuti ana aone ndi maso, sungunulani masupuni aang'ono 6 a mchere m'lita ya madzi. Dzalani nyemba m'zitini ziwiri zoboola pansi, zikamera muzithirira chimodzi madzi amcherewo, chinacho madzi a m'nyanja. Sabata isanathe yamchere idzafota dothi lili lonyowa, chifukwa mchere umakaniza mizu kukoka madzi.

FUNSO: Ndili ndi dimba kwa Chimwala, chakufupi ndi Malombe. Zaka ziwiri zoyamba tomato ankachita bwino. Tsopano pamwamba pa mabedi payera, masamba akupsa m'mbali, ndipo feteleza ndikamawonjezera zinthu zikungoipiraipira. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Mayi, chimenecho ndi chikungu, ndipo feteleza muyambe mwaima kaye. Feteleza nayenso ndi mchere, choncho mukuthira mchere pa mchere unzake.

Choyamba dziwani kumene ukuchokera. Tungani lita imodzi ya madzi amene mumathirira, asefeni pansalu, muwawiritse m'poto woyera mpaka aume. Zoyera zotsala pansi zikakhala kachifunga chabe, madziwo ndi abwino. Zikakwana kutapa ndi nsonga ya supuni, vuto lili m'chitsime. Akatswiri a ulimi wothirira amati madzi osafika theka la galamu pa lita alibe vuto, koma opitirira magalamu 2 amawononga mbewu zambiri. Galamu imodzi imaoneka yochepa, koma tawerengani: bedi limene mumathira ndowa ziwiri za malita 20 tsiku lililonse kwa masiku 90 lalandira makilogalamu 3.6 a mchere. Madzi auluka, mcherewo uli pomwepo.

Chachiwiri kumbani dzenje pakona ya dimba mu Seputembala. Mukapeza madzi musanafike mita imodzi ndi theka, ndiye kuti mchere ukukweranso kuchokera pansi.

Mchere suchotsedwa ndi mankhwala, umatsukidwa, ndipo madzi otsukirawo ayenera kukhala ndi kopita. Palani khungu loyeralo ndi khasu mukalitaye kutali. Kumbani ngalande yakuya pafupifupi mita kumunsi kwa dimba, yotsetserekera kunja. Zingani mabedi ndi timizere kuti mvula yoyamba iime ndi kulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Madzi abwino okwana masentimita 30 akadutsa m'dothi lakuya masentimita 30 amachotsa mchere wochuluka, ndipo amatsuka bwino mukawathira m'magawo atatu kapena anayi kusiyana ndi kuwakhuthula tsiku limodzi. Ambiri amalakwa pa kathiriridwe: timadzi tochepa m'mawa ndi madzulo timangonyowetsa pamwamba, n'kukokera mchere kumizu. Thirirani mokhutitsa koma motalikitsa masiku, phimbirani ndi udzu kapena mapesi, ndipo mbande muziike m'mbali mwa mzere, poti mchere umasonkhana pansonga.

Pali chikungu china choipa kuposa ichi. Tengani kachibuma kouma muike m'tambula ya madzi amvula osagwedeza. Madzi akachita mkaka mozungulira kachibumako pakatha maola ochepa, dothilo lili ndi mchere wa mtundu wa sodium wambiri: likanyowa limaterera ngati sopo, likauma limalimba ngati simenti, ndipo madzi salowa. Lotere limafuna gypsum (ufa woyera wothira m'dothi) ndi manyowa ambiri musanalitsuke. Laimu sathandiza. Mlingo wa gypsum umadalira zotsatira za kuyeza dothi, ndiye pitani ndi dothi lanu kwa alangizi a m'dera lanu.

Podikira, nyemba ndi anyezi zisiyeni, ndi zimene zimayamba kufa. Chimanga chimapirira pang'ono, tomato pang'ono kuposa apo, pamene mapira ndi thonje zimalimba ndithu.

FUNSO: Pa doko lathu ku Malindi anthu akufuna kutentha ndi kuzula bango lonse kuti makoka azikokedwa bwino, komanso akuti ndi mobisala ng'ona. Ine ndili m'komiti ya pa doko. Kodi bango lili ndi phindu lanji kupatula mphasa ndi mipanda?

YANKHO: Achimwene, mukazula bango mwaphwasula mosungira ana a chambo. Tambala wa chambo amakumba chisa chonga beseni pamchenga, thadzi n'kuikira mazira pamenepo, kenaka n'kuwatola m'kamwa. Limawafungatira m'kamwamo milungu ingapo osadya mokwanira, ndipo ana akakula pang'ono limakawalavula m'madzi osaya a m'bango ndi m'udzu wa pansi pa madzi. Kasawala amakulira mmenemo, kumene kuli chakudya ndiponso kampango ndi mphipi sizimupeza msanga. Makumba ndi matemba nawo amadalira momwemo, ndipo mlamba umakwera kukaswera m'udzu wosefukira mvula ikangoyamba.

Umboni simungaufune kutali. Ku Malombe, nyanja yosaya imene malo ambiri kuya kwake ndi mamita awiri kapena atatu, chambo chogwidwa chinapitirira matani 8,000 mu 1982, koma patatha zaka khumi chinali chitatsika kufika m'mahandiredi chabe. Makoka a maso ang'onoang'ono, a kambuzi ndi nkacha, ankakokolola ana ndi kuzula udzu wa pansi. N'chifukwa chake makomiti a pa doko ngati yanuyo, otchedwa ma BVC (Beach Village Committee), anayambira komweko mu 1993.

Ntchito ina ya bango imaoneka madzi akakwera. Mu 2024 Nyanja ya Malawi inapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a ku Mangochi. Mizu ya bango imalukana ngati ukonde n'kugwira mchenga, ndipo mapesi ake amaswa mphamvu ya mafunde a mwera asanadye gombe.

Vuto si kudula, nkhani ndi kadulidwe. Dulani bango lokhwima m'chilimwe, madzi atatsika ndiponso atchete atamaliza kuswa. Chitsa chizitsala pamwamba pa madzi, chifukwa phesi la bango ndi la njedza ndi paipi imene mizu imapumira. Mukadula pansi pa madzi, madziwo amalowa ndipo tsinde limawola. Gawani malowo patatu, chaka chilichonse muzidula gawo limodzi. Moto ndiwo ayi: umapha zisa, ang'azi ndi achule, ndipo mukaubwereza chaka ndi chaka gombe limatsala lamaliseche. Pa doko lambulani mpata umodzi wokwana mabwato ndi otunga madzi, kwinako kusiyeni. Kunena zoona, khoka lofuna kuti bango lonse lichoke ndi khoka limene likusaka kasawala.

Za ng'ona anthuwo sakunama, koma kuzula bango sikuichotsa m'madzi. Ng'ona imaphunzira nthawi ndi malo amene anthu amabwera tsiku ndi tsiku. Musataye matumbo a nsomba pamene amayi amachapira, ndipo potungira madzi pazikidwe mpanda wa mitengo yolimba yothithikana, wolowa m'madzi ngati khola. Ng'ona imaikira mazira m'mchenga chakumapeto kwa chilimwe, amaswa pakatha masiku pafupifupi 90, ndipo nthawi yonseyo make sakhala patali ndi chisa. Ng'ona ikayamba kuzolowera doko, kauzeni a nthambi yoona za nyama zakutchire.

FUNSO: Ana anga amasamba m'thamanda la m'dambo ku Makanjira. Madzi ake ndi oyera bwino. Angatenge likodzo m'madzi oyera chonchi?

YANKHO: Angatenge, bambo. Tizilombo take sitioneka ndi maso, ndipo timatuluka mu nkhono zing'onozing'ono zimene zimakonda madzi odekha a m'udzu ndi m'kakombo. Timatuluka kwambiri masana dzuwa litakwera, nthawi yomwe ana amakonda kusamba, ndipo timaboola khungu m'mphindi zochepa. Ku Mangochi tinazolowera likodzo la m'chikhodzodzo, la mkodzo wamagazi, koma mu 2017 ofufuza anapezanso m'mbali mwa nyanja nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo. Choncho mwana wodandaula m'mimba kawirikawiri kapena wochita chimbudzi chamagazi akayezedwe, ngakhale mkodzo wake uli bwino. Madzi osamba muwatunge n'kuwasunga m'ndowa masiku awiri athunthu, tizilomboto timafa tokha, kapena muwatenthe. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi msinkhu kapena sikelo ya mwana, ndipo amwe atadya. Samuteteza kuti asatengenso akabwerera m'thamandamo.

FUNSO: Mvuu zikutha mpunga wanga m'mbali mwa Shire kwa Mponda. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti munda wa mnzanga woyandikana nawo saukhudza.

YANKHO: Agogo, yendani m'mawa muone pamene zimatulukira. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu wokwana makilogalamu pafupifupi 40, ndipo imatsata njira yomweyo usiku uliwonse, yooneka ngati tinjira tiwiri togundizana, kaudzu katatsala pakati. Mwina munda wanu wakhala panjira imeneyo. Musaitseke ndi minga pakamwa pa mtsinje, ingoswa ina pafupi pomwepo. Siyani mpatawo upite kubusa, ndipo mbali ya munda yoyang'ana kumadzi mukumbe ngalande yakuya, ya makoma oima, poti mvuu ndi ya miyendo yaifupi ndipo sidumpha. Olondera akhale pa nsanja chakumtunda, ndi moto ndi zitini zoimba. Asaime pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumtsinje, ndipo pamtunda imathamanga kuposa munthu.