Mchere umafika madzi asanamize chilumba

Bambo ena a ku Mangochi anditumizira funso pa imelo. Akuti anamva kuti nyanja zamchere zikukwera ndi mamilimita pafupifupi 4 pa chaka, ndipo akudabwa kuti kamlingo kakang'ono chotere kangamize bwanji dziko lathunthu, pamene Nyanja ya Malawi inasefukira mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo koma Mangochi ikadalipo.

Bambo, nyanja yathu imadzaza mvula ikachuluka ndipo imaphwera kukachita chilala. Nyanja zamchere zikukwera pa zifukwa zina, ndipo sizikubwerera. Madzi akatentha amafufuma, komanso madzi oundana a ku Greenland, ku Antarctica ndi pamwamba pa mapiri akusungunuka n'kutsikira m'nyanja. Kuchokera mu 1900 madziwa akwera ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo liwiro lake likuwonjezereka.

Tsopano taganizirani za Tuvalu, dziko la zilumba 9 m'nyanja ya Pacific, lomwe muli anthu pafupifupi 11,000 ndipo malo ake okwera kwambiri safika mamita 5. Kumeneko kulibe phiri lothawirako, mtsinje kulibenso. Nthaka yake yakhala pa miyala yokhala ndi timabowo, moti nyanja ikadzaza kwambiri, makamaka cha mu February ndi March, madzi amatumphuka pansi pakati pa mudzi ku Funafuti, likulu la dzikolo, ngakhale kulibe namondwe. Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi abwino ochepa amene ali pansi pa chilumba amayandama pamwamba pa amchere, ndipo nyanja ikakwera pang'ono chabe mcherewo umalowa m'zitsime ndi m'maenje momwe anthu amalimamo pulaka, mbewu ya mizu imene makolo awo ankadalira. Chilumba chimatha kukanika kusunga anthu chikuonekabe bwinobwino pa mapu.

Atsogoleri a mayiko a zilumba ngati Tuvalu akhala akudandaula kwa nthawi yaitali. Mu 2009 nduna za ku Maldives zinachitira msonkhano pansi pa madzi, mu 2014 dziko la Kiribati linagula malo ku Fiji, ndipo mu 2021 nduna ya ku Tuvalu, a Simon Kofe, analankhula pa kanema ku msonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo wa COP26 ataima m'madzi ofika m'mawondo.

Chomwe chimandivutitsa maganizo ndi pangano la Falepili, limene Tuvalu inasainirana ndi Australia mu November 2023, lolola anthu 280 a ku Tuvalu pa chaka kukakhazikika ku Australia. Thandizo ndi thandizo ndithu, sindikulinyoza, koma Australia yomweyo ndi imodzi mwa mayiko ogulitsa malasha ochuluka kunja, ndipo utsi wa malashawo ndi umene ukuthandizira kutenthetsa dziko. Munthu angasamuke ndi banja lake, koma manda a makolo ake amatsala pachilumba pomwepo. N'chifukwa chake mu 2023 a Tuvalu analemba m'malamulo awo aakulu kuti dziko lawo lidzakhalabe dziko mpaka kalekale, ngakhale nthaka yake itamira.