Port wa apongozi: tawny 20, tawny 40 kapena vintage 2011?

Achimwene, mwati mukufuna kuwatengera apongozi botolo la port, vinyo wotsekemera wa ku Portugal, pobwera kumudzi kuchokera ku UK, ndiye mwaona tawny wa zaka 20, tawny wa zaka 40 ndi vintage wa 2011 ndipo simukudziwa kuti ndalama yanu ikagwira bwino ntchito pati. Ine ndikuti tengani tawny wa 20, koma ndifotokoze bwinobwino chifukwa manambala a pamabotolo atatuwa sakunena chinthu chimodzi ayi.

Port yense amachokera ku chigwa cha Douro ku Portugal, dera lomwe analiikira malire ake mu 1756. Madzi a mphesa akawira kwa masiku ochepa amathiramo mowa wotcheza wa mphesa, tingoti kachasu wa mphesa wa pafupifupi 77%, kuwira kuja kumaima shuga asanathe, nchifukwa chake amatsekemera komanso ukali wa mowa wake umakhala pa 19 mpaka 22%. Kusiyana kumayambira pamenepo. Vintage amakhala mu migolo yamatabwa zaka ziwiri kapena zitatu basi kenako amamutsekera mu botolo, ndipo amakakhwimira mu botolo momwemo kwa zaka 20, 30 kapena kupitirira. 2011 ndi chaka chabwino kwambiri, makampani akuluakulu ngati Taylor's, Graham's, Dow's ndi Fonseca onse anatulutsa vintage chaka chimenecho, koma vinyo ameneyu akadali mwana, mukatsegula pano mukhala mwalipira mtengo wa chinthu chomwe sichinafike. Kuti afike akufuna malo ozizira, amdima, botolo litagona chambali zaka zambiri, ndiye taganizani kabati ya pabalaza mu October kaya ndi ku Salima kaya ku Nsanje. Komanso amakhala ndi nsenga pansi, amafuna kumutsanulira mosamala mu chotengera china, ndipo mukatsegula muthe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Apongozi oti amangolawa kagalasi kamodzi Lamlungu ndiye kuti theka la botolo lidzaonongeka, zimenezo zimandipweteka mtima.

Tawny yekha anakhwimira kale mu mgolo, mpweya unamulowa pang'onopang'ono zaka zonsezo mpaka mtundu unachoka kufiira nkukhala wabulawuni. Akafika mu botolo watha, sawonjezeranso kukoma, ndiye musamusunge poganiza kuti wa 20 adzasanduka wa 30. Ndipo 20 uja sikuti dontho lililonse lili ndi zaka 20, amasakaniza vinyo wa zaka zosiyanasiyana kenako bungwe la ku Portugal loyang'anira port lotchedwa IVDP limalawa nkuvomereza kuti akukoma monga wa msinkhu umenewo. Mukafuna wa chaka chimodzi chenicheni funani wolembedwa Colheita, amakhala mu mgolo zaka zosachepera 7, ndipo makampani a Kopke ndi Niepoort amadziwika nazo kwambiri.

Nanga bwanji osangotenga wa 40? Ndi wokoma zedi, sindingakane, wokhathamira, fungo la khofi ndi zipatso zouma limatsalira mkamwa nthawi yaitali. Koma mtengo wake umakhala kawiri kapena katatu wa 20, chifukwa vinyo amaphwa mu mgolo chaka ndi chaka ndipo kampani yasunga katundu zaka zambirimbiri osagulitsa, pamene kukoma sikukwera kawiri. Kudumpha kwakukulu kuli pakati pa 10 ndi 20. Wa 10 mumamvabe chipatso chofiira ndi kuotcha kwa mowa pakhosi, wa 20 kuotcha kuja kwaphwa, kwabwera mtedza wokazinga, khungu la lalanje ndi shuga wopsereza, komabe kakuwawasa kalipo koti musatope naye. Kwa munthu amene sanazolowere, wa 40 amatha kumuona ngati wolemera mopyola.

Ngati mungathe lawani musanagule, malo ena ogulitsa vinyo ndi ma restaurant amagulitsa pa galasi. Itanitsani 10 ndi 20 a kampani imodzi nthawi imodzi, akhale ozizirirako pang'ono osati otentha, yambani ndi wamng'onoyo, ndipo mukameza dikirani muone kuti kukoma kukhala nthawi yaitali bwanji mkamwa, pamenepo mpamene pali ndalama yanu. Tawny mukatsegula, bwezerani chotsekera muike mu firiji, atha mwezi kapena iwiri ali bwino.

China chomwe simunafunse koma ndikufuna muchiganizire ndi Madeira, vinyo wa ku chilumba cha Madeira cha dziko la Portugal. Ameneyu amamutenthetsa dala pomupanga, wotchipa mu matanki pa 45 mpaka 50 digiri kwa miyezi itatu, wabwino mu migolo pansi pa denga pomwe pamatentha ndi dzuwa kwa zaka. Kutentha ndi mpweya zinamuchita kale zonse, ndiye ngakhale magetsi azithimathima firiji nkusiya kuzizira, botolo lotsegula limatha miyezi yambiri osasintha. Madeira wa mtundu wa Bual kapena Malmsey wa zaka 10 kapena 15 wa kampani ya Blandy's ndi wotsekemera koma wowawasa bwino, ndipo ngati kwa apongozi kulibe firiji yodalirika ndiye ameneyu aposa tawny. Mukadzera ku Joni onaninso Cape Tawny wa kampani ya Boplaas kapena De Krans a ku Calitzdorp ku South Africa komweko, salembanso dzina loti port koma kapangidwe nkomweko ndipo mtengo ndi wotsikirapo.