Neural network imangodziwa kutentha komwe munaionetsa

Achimwene, mwafunsa ngati pa ntchito yanu yomalizira sukulu mungagwiritse ntchito neural network (pulogalamu ya pakompyuta yomwe imaphunzira kuchokera ku manambala omwe mwaipatsa) polosera momwe kutentha kumachokera m'madzi kupita mumpweya pa radiyeta, m'malo mwa masamu akale aja. Zingatheke ndithu, koma imvani kaye zomwe zinatichitikira ife kuno ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Tinamangirira timasensa pa jenereta ya pagalaja ina, n'kumalemba kutentha kwa madzi polowa ndi potuluka, kwa mpweya wapanja, komanso mphamvu yomwe injini ikutulutsa. Manambala onsewo tinatolera mu Juni ndi Julayi. Kompyuta inaphunzira bwino moti ikalosera inkangophonya pang'ono, ife n'kumadzitama. Kenako Okutobala anafika. Inu mukuidziwa Tete: masana madigiri kupitirira 40, fumbi la malasha litamatirira m'timipata ta radiyeta. Pasikirini pakuonetsa kuti zonse zili bwino, kumeneko madzi akubwadamuka, mwini galaja akuthamanga ndi ndowa. Manyazi ake sindidzaiwala.

Nkhani ndi yakuti chinthuchi sichidziwa lamulo la Fourier la mu 1822, loti kutentha kumathawira kozizira molingana ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo. Chimangogwirizanitsa manambala omwe mwachipatsa. Chikakumana ndi nyengo yomwe sichinaonepo, chimangolota, ndipo sichikuuzani kuti chikulota. Fumbi lija nalonso silinali m'manambala athu, pomwe ndi lomwe linkatsekereza kutentha.

Ndiye tolerani manambala a nyengo zonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Poyesa musawasakanize ngati nyemba m'lichero. Patulani a Okutobala ndi Novembala, kompyuta isawaone pophunzira, mudzaiyese nawo pamapeto. Muyerekezenso zotsatira zake ndi fomula ya Dittus-Boelter ya mu 1930, yowerengera momwe kutentha kumadutsira pakati pa khoma la paipi ndi madzi othamanga mwamphamvu m'kati mwake. Imatha kuphonya ndi 25 pa 100 alionse, komabe neural network yanu ikalephera kuiposa, aphunzitsi adzakufunsani kuti munavutikiranji.

Ngati Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta) mumaitha, fufuzani za physics-informed neural networks, zomwe akatswiri atatu, Raissi, Perdikaris ndi Karniadakis, anafotokoza mu 2019. Mmenemo malamulo a kutentha amalowetsedwa m'maphunziro a kompyutayo, ikawaphwanya imawerengeredwa cholakwa, motero sifuna manambala ochuluka kwambiri. Kungoti imavuta kuikhazika bwino. Yanga inanditengera masabata angapo pa laputopu yomwe nayonso imazima yokha ikatenthedwa.

Radiyeta yanuyo ndi ya galimoto kapena ya jenereta? Ndipo masensa muli nawo angati?